Denga lodontha la Johannesburg Art Gallery ndi ntchito za amayi

Wotsika basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe pa Park Station n'kulowera kokwerera tekisi ku Noord amadutsa pafupi ndi Joubert Park. M'pakimo muli Johannesburg Art Gallery, nyumba yosunga zaluso zoposa 9,000, ndipo pali mkangano. Denga lake limadontha, moti mu 2017 inatsekedwa kwakanthawi mvula italowa. Mu 2024 mabungwe a Friends of JAG (okonda nyumbayi) ndi Johannesburg Heritage Foundation analembera khonsolo ya mzinda kudzera mwa maloya kuti katunduyo asamutsidwe asanawonongeke. Nyuzipepala zikamadandaula zimathamangira kutchula zithunzi za akatswiri a ku Ulaya, Monet ndi Picasso. Amayi ojambula a kuno ku South Africa samveka kwenikweni.

Chonsecho nyumbayi anaiyambitsa ndi mayi. Florence Phillips, mkazi wa mponda matiki wa migodi Lionel Phillips, anapempha ndalama kwa eni migodi, zithunzi n'kuonetsedwa koyamba mu 1910. Nyumba yosungiramo zithunzizo, ya pulani ya Edwin Lutyens, inatsegulidwa mu 1915. Koma maso a mayiyu anali ku Ulaya. Chithunzi choyamba cha munthu wakuda, cha Gerard Sekoto, chinagulidwa mu 1940, kenaka kunali zii kwa zaka zoposa 30.

Zinthu zinatembenuka mu 1988, Steven Sack atakonza m'nyumbayi chionetsero cha The Neglected Tradition, chosonkhanitsa ntchito za akuda kuyambira 1930. Buku la chionetserocho ofufuza amalidalirabe, ndipo n'loyeneradi ulemu. Komabe mukawerenga mayina, akazi ndi ochepa. Ena amati n'chifukwa choti amene ankafika m'malo ophunzirira ngati Polly Street Art Centre anali amuna ambiri. N'zoona, koma si zokhazo. Amayi ankajambula pa makoma, kuumba mbiya ndi kutunga mikanda, ndipo osonkhanitsa zinthu ankangolemba dzina la mtundu pa kapepala, la mwini ntchito ayi.

Taonani kumene amayi atatu otchuka anaphunzira. Gladys Mgudlandlu, mphunzitsi yemwe ankajambula usiku pa nyali ya palafini n'kuchita chionetsero chakechake ku Cape Town mu 1961, anayambira kwa agogo ake okongoletsa makoma. Esther Mahlangu, wobadwa mu 1935, anaphunzira kwa amayi ake ndi agogo ake, akulemba mizere ndi nthenga ya nkhuku. Mu 1991 anakongoletsa galimoto ya BMW. Mmakgabo Helen Sebidi, wobadwa mu 1943 ku Marapyane, nayenso anatengera agogo ake. Anagwirapo ntchito ya m'nyumba muno mu Joni, monga alongo athu ambiri lero, n'kuphunzira kwa wojambula John Koenakeefe Mohl, ndipo mu 1989 analandira mphoto ya Standard Bank Young Artist. Za agogowa timangozimva kwa adzukulu awo. Khoma lozira ndi dothi limakokoloka dzinja lililonse, ndiye umboni wogwirika wasowa.

Apa ndi pamene denga lija limandiwawa mtima. Mgudlandlu ankakonda penti wosungunula ndi madzi pa pepala. Sebidi wagwiritsa ntchito kwambiri makala, choko cha mitundu ndi mapepala ong'amba n'kumata. Zotere zimafuna chinyezi cha pafupifupi 50 peresenti ndi kutentha kwa madigiri 20 kosasinthasintha. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti chuku chimamera, pepala limakwinyika n'kutuluka mawanga ofiirira, guluu amamatuka. Dontho limodzi limasungunula penti wamadzi, ndipo makala akafufutika sabwereranso. Chithunzi cha penti wamafuta pa nsalu akatswiri amatha kuchitsuka n'kuchikonza. Cha pepala nthawi zambiri chimapitiratu.

Choncho posamutsa katunduyo, madirowa a mapepala ndiwo atuluke poyamba, chilichonse chitajambulidwa ndi kamera, chitalembedwa m'kaundula, n'kugonekedwa chafulati pakati pa mapepala opanda asidi.