Akabaza, Indocid si chakudya cham'mawa

Ndatopa nawo mawu akuti "ndimangomwako ka Indocid kamodzi kuti thupi limasuke." Akabaza ambiri amene ndimawapima kuno ku Mulanje amanena zomwezi, ndipo ukafunsitsa, kamodziko kamakhala kawiri mbandakucha, kawiri madzulo, Brufen pamwamba.

Ntchito yanuyi ndimaiona. Munthu wamanga matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 pakaliyala kuchokera pa Limbuli, kapena wakweza mayi wa mwana kumsana ndi dengu la nanazi, n'kumalimbana ndi zitunda za m'minda ya tiyi. Msana ndi maondo zilekerenji kuwawa? Njinga ikakhala ya eni, madzulo amafuna zawo, kaya mwadwala kaya ayi. Choncho sindikuti musiye kupalasa.

Koma Indocid, Brufen ndi diclofenac ndi ana a mimba imodzi. Kuwaphatikiza sikuonjezera mphamvu yothetsa ululu, kumangoonjezera chiopsezo. Onsewa amachepetsa chitetezo chimene chimakuta khoma la chifu kuti asidi asaliotche. Mukamwa musanadye, tsiku ndi tsiku, madzulo n'kuthirapo kachasu, khomalo limachita zilonda, chilonda chikafika pamtsempha magazi amayamba kutuluka mkati. Impso nazo zimavutika, makamaka m'dzuwa la Okutobala pamene mwatuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi.

Pali bambo wina amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Ankaimika njinga pa Chitakale, zaka zake sizinakwane 35. Kwa masiku anayi ankachita chimbudzi chakuda bii ngati phula, chonunkha modabwitsa, koma poti m'mimba simunkapweteka kwenikweni, anapitiriza kunyamula anthu. Mankhwala omwewo ndi amene ankabisa ululuwo. Atayamba chizungulire, abale anati anzake a pasiteji amuchita chipongwe chifukwa ankapeza makasitomala ambiri. Anapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini pachifuwa, munthu woti magazi akumuthera kale. Anamumwetsanso botolo la zitsamba zoti n'zotsuka m'mimba.

Anafika kwa ife usiku, atamukweza pa njinga ya mnzake, wina akumugwirira kumbuyo. Zikhatho zinali zoyera mbee, mtima ukuthamanga. Magazi ake anali pa 5, pomwe mwamuna amayenera kukhala pa 13 kapena kuposa. Mkazi wake anamasula kansalu n'kundionetsa timapepala ta mankhwala togula pagolosale, nati, "Adokotala, amamwa awa okha, satenga zoledzeretsa zambiri ayi." Tinamuika magazi, koma anasanzanso magazi ochuluka kusanache, ndipo anatisiya. Akanabwera tsiku loyamba lija, ndikukhulupirira kuti bwenzi lero akupalasa.

Ululu wa msana ukavuta, yambani ndi Panado: mapilisi awiri a 500 mg, osapitirira 8 patsiku, komanso osaphatikiza ndi mowa chifukwa nayenso amaononga chiwindi akachuluka. Brufen ngati mwapatsidwa kuchipatala, imwani mutadya, kwa masiku ochepa, yekha. Ndipo kwezani chishalo. Ambiri mumapalasa mutakhala pansi kwambiri, maondo akufika pafupi ndi chiongolero. Pedulo ikakhala pansi penipeni, mwendo uzitsala pang'ono kuongoka.

Ogulitsa mapilisi osakanizasakaniza m'timapepala ta pulasitiki tsiku la msika sadziwa zimene akukupatsani, ngakhale alankhule mokoma chotani. Enanso amabaya anthu jakisoni kuseri kwa mashopu. Jakisoni wa diclofenac amaononga chifu chimodzimodzi ndi piritsi, musanamizidwe kuti poti sadutsa pakamwa ndiye kuti alibe vuto.

Mukaona chimbudzi chakuda pomwe simukumwa mapilisi oonjezera magazi, kapena masanzi a magazi, kapena masanzi akuda ngati zotsalira za khofi pansi pa kapu, siyani njinga pomwepo. Musadikire kuti mupeze kaye ya ndiwo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo timapepala tonse ta mankhwala amene mwakhala mukumwa mutitengere kuti tione.