Dzanja lopanda golovesi m'migodi ya golide ku Tete

Kumene anyamata akukumba golide ku Chifunde kapena Macanga, magolovesi ndi osowa. Munthu amadontheza mekyule, chitsulo chamadzimadzi chimene chimamata golide, m'beseni la matope, n'kumatikita matopewo ndi chikhatho, kenako n'kufinyira pakansalu mpaka patsale kambulu kotuwa ka golide wosakanikirana ndi mekyule. Ukamudzudzula amati makolo ankagwira chomwechi.

Ankagwiradi, koma chimene ankagwiracho n'china. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi a ku Tete anatsegula misasa yokumbira golide m'dziko la Undi, wotchuka n'kukhala wa Mano. Okumba ambiri anali akazi, akapolo, ndipo zida zawo zinali khasu, mbale yamtengo ndi madzi amumtsinje basi. Ngakhale liwu lakuti ndalama, m'chigwa cha Zambezi poyamba linkatanthauza golide yemweyu. Golide wotsukidwa ndi madzi alibe chochita ndi khungu. Ukhoza kumufumbata tsiku lonse osamva kanthu. Mwambo wa dzanja lamaliseche unabadwira pamenepo, ndipo panthawiyo unalibe mlandu.

Khalidwe la golide limasintha akasungunuka. Woyenga akamuthira mu asidi wa nitric wosakaniza ndi hydrochloric, golide amasanduka mchere wamadzimadzi wachikasu, ndipo ukagwera pachala umasiya banga lapepo. Mchere wa siliva umadetsa khungu bii, sopo amachita kulephera, bangalo limachoka khungu likafundula lokha. Wa platinamu ndiye wankhanza: madokotala analemba za vuto lake mu 1911 pa anthu otsuka zithunzi ku Chicago, n'kudzalembanso mu 1945 pa antchito a m'mafakitale oyengera ku Britain, amene ankadwala chimfine chosatha, zidzolo ndi mphumu. Khungu likang'aluka mankhwala amalowa mosavuta, nanga dzanja la wokumba, lokhalira m'madzi ndi m'miyala, limasowa ming'alu?

Kwathu kuno mdani wamkulu ndi mekyule. Kudzera pakhungu amalowa pang'ono. Wochuluka amalowera m'mapapo kambulu kaja kakamawotchedwa kuti golide atsale. Manja amayamba kunjenjemera, nkhama kutupa, mutu kuiwalaiwala. Ku Minamata, ku Japan, matenda a mekyule anadziwika mu 1956, ndipo pangano la mayiko lolimbana naye, la 2013, linatenga dzina la tauniyo. Koma pangano lili papepala. Kambulu kaja ena amakawotcherabe pasupuni, pamafuwa omwewo amene madzulo paphikidwe nsima ya ana.