Kupha mileme sikuthetsa mavairasi ayi

Zatopetsa abale, zaka ndi zaka anthu akungobwereza zoti mleme uliwonse ndi thumba la matenda, ati tikangoipha yonse mavairasi atha basi. Zoona mitundu ina ya mileme imasunga mavairasi ngati Marburg (vairasi yoopsa yofanana ndi ya Ebola) osadwala nawo, koma mileme ilipo mitundu yoposa 1,400 ndipo si yonse ili choncho.

Ku Uganda anayesapo kupha mileme ya mu mgodi wa Kitaka, itabweranso ina kudzakhala mommo akatswiri anapeza kuti yokhala ndi Marburg yachuluka kuposa kale, ndiye mwaona, kuibalalitsa ndi kuigwiragwira ndi manja nkumene kumaika munthu pangozi. Komanso mileme yambiri imadya tizilombo usiku, ina imathandiza maluwa a mlambe kubereka. Chiwewe chomwe chimapha anthu kunoko nthawi zambiri chimachokera kwa agalu osabayitsa katemera, osati kwa mileme.

Uthenga wotere ukafika pa foni, onani kaye ngati watchula mtundu wa mleme, dzina la vairasi ndi komwe anayeza magazi a milemeyo, mukakayika funsani alangizi a ziweto kapena a zaumoyo. Ngati palibe chimodzi mwa izi musautumize kwa ena chonde, ungothera pa inu pompo.