Cyprus: masabata atatu amene anadula chilumba pakati

Pa 20 Julaye 2024 masayilini analira mbandakucha kummwera kwa Nicosia, likulu la Cyprus, pokumbukira zaka 50 chilowereni asilikali a Turkey pa chilumba cha Cyprus. Tsiku lomwelo kumpoto kwa mzindawu, Purezidenti Erdoğan wa Turkey ankaonerera perete wa chikondwerero. A kummwera amati kunali kulanda dziko, a kumpoto amati kunali kupulumutsa anthu.

Cyprus ndi chilumba chachitatu kukula pa nyanja ya Mediterranean, kuseri kwa Sicily ndi Sardinia, ndipo chili pafupi kwambiri ndi Turkey kuposa Greece. Ufumu wa Ottoman unachilanda mu 1571, Britain n'kuyamba kuchilamulira mu 1878. Pofika pa ufulu mu 1960, anthu pafupifupi 77 mwa 100 alionse ankalankhula Chigiriki, 18 Chiteki. Ambiri mwa Agirikiwo ankafuna enosis, kuphatikizana ndi Greece, pomwe atsogoleri a Ateki ankafuna taksim, kugawana chilumbacho. Onse anapatsidwa chimene sanapemphe: boma limodzi, Bishopu wamkulu Makarios wa Agiriki pampando, Fazıl Küçük wa Ateki wachiwiri wake, ndipo Britain, Greece ndi Turkey ngati nkhoswe za mgwirizanowo.

Mgwirizano sunathe zaka 4. Mu Disembala 1963 kunabuka kuphana, Ateki ambiri n'kuthawira m'timadera totchingidwa. Mkulu wa asilikali a Britain anajambula mzere wobiriwira pa mapu a Nicosia, ndipo dzina la malire ogawa mbali ziwirizi, Green Line, linachokera pomwepo. Olemba a mbali ya Ateki amayambira nkhani apa, ndipo sakulakwa: amene amayambira mu 1974 amabisa zaka 11 za mavuto a anzawo.

Pa 15 Julaye 1974 asilikali otumidwa ndi boma lankhondo la ku Athens anagwetsa Makarios, n'kukhazika Nikos Sampson, munthu amene Ateki ankamudziwa ndi zipolowe za 1963. Makarios anathawira ku Paphos, Angelezi n'kumutulutsa pa helikopita. Patatha masiku 5, nduna yaikulu ya Turkey, Bülent Ecevit, anatumiza asilikali kukakocheza pafupi ndi Kyrenia, kumpoto kwa chilumbacho, ponena kuti unkhoswe wa 1960 ukumulola kutero. Ngakhale ena osakonda Turkey amavomera kuti apa chifukwa chinalipo.

Koma taonani zimene zinatsatira. Pa 23 Julaye Sampson anatula pansi udindo, sipikala wa nyumba ya malamulo Glafcos Clerides n'kulowa, ndipo boma lankhondo ku Athens linagwa. Chimene Turkey inabwerera chinali chitatha, ndipo asilikali ake anali ndi kachigawo kochepa chabe pakati pa Kyrenia ndi Nicosia. Zokambirana zinatsegulidwa ku Geneva. Clerides anapempha maola ochepa kuti akafunse anzake za maganizo a Turkey ogawa madera, anamukanira. Mbandakucha wa pa 14 Ogasiti akasinja a Turkey ananyamuka, ndipo m'masiku atatu anatenga gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a chilumbacho. Anthu a ku Varosha, dera la mahotela a m'mbali mwa nyanja, anathawa ndi zovala za m'thupi zokha poganiza kuti abwerera posachedwa. Pa 14 Ogasiti pomwepo zigawenga za Agiriki zinapha anthu wamba, kuphatikizapo ana, m'midzi ya Ateki ya Maratha, Santalaris ndi Aloda. A Turkey amatchula midzi imeneyi poikira kumbuyo nkhondo yachiwiriyo, koma akasinja anali atanyamuka kale.

Chiwerengero cha othawa kwawo chimasiyana malinga ndi wolemba: Agiriki kuyambira 160,000 mpaka 200,000, Ateki pafupifupi 50,000. Komiti yofufuza osowa ili ndi mayina 2,002, Agiriki 1,510 ndi Ateki 492, ndipo mazanamazana mafupa awo sanapezekebe.

Boma limene kumpoto analengeza mu 1983 limavomerezedwa ndi Turkey yokha. Mu 2004 Ateki 65 mwa 100 alionse anavomera dongosolo la Kofi Annan logwirizanitsa chilumbacho, Agiriki 76 mwa 100 n'kulikana, ambiri poti asilikali a Turkey akanatsalabe. Zokambirana za ku Crans-Montana, ku Switzerland, mu 2017 zinapunthwanso pa nkhani yomweyo ya asilikali ndi unkhoswe.