Bwanji 2>&1 imafunika kukhala kumapeto

Anthu ambiri pa Linux amalemba 2>&1 mongokopera kwa anzawo osadziwa kuti imachita chani, ndiye tsiku lomwe backup yalephera usiku amatsegula log nkupeza mulibe error ngakhale imodzi, akuyamba kukayikira seva pomwe vuto lili pa mzere womwe analemba okha.

Pulogalamu iliyonse ikamayamba imapeza manambala atatu otsegula kale, 0 ndi stdin komwe imawerenga, 1 ndi stdout komwe imalemba zotsatira, 2 ndi stderr ya ma error. Awa ndiye ma file descriptor. Pa terminal onse atatu amaloza malo amodzi, nchifukwa chake simuona kusiyana.

Apa ndiye mumvetsetse. Amene amatsegula fayilo si pulogalamu yanu ayi, ndi shell, ija imalandira malamulo omwe mumalemba pa terminal, ndipo imatero pulogalamu isanayambe nkomwe, kuyambira kumanzere kupita kumanja. 2>&1 sikuti 2 azilondola 1 kulikonse komwe apite, ikungoti 2 aloze pomwe 1 akuloza nthawi imeneyo basi. Zili ngati kulemba adiresi ya mnzanu pa pepala, iye akasamuka mawa pepala lija silisintha. Ndiye mukalemba tar czf b.tgz /home > log.txt 2>&1, 1 wapita kaye ku log.txt kenako 2 wamupeza komweko. Mukatembenuza kukhala 2>&1 > log.txt, 2 watenga terminal, 1 wasamuka yekha, ma error atsalira pa sikilini, ndipo ngati ndi cron, ija imathamangitsa ntchito yokha pa nthawi yoikika, apita ku email yomwe mwina palibe amaiwerenga.

Nkhani yomweyi ndi imene imapweteka anthu pa sort mayina.txt > mayina.txt. Shell yafufuta kale zonse za mufayilomo sort isanawerenge kanthu, mayina onse apita. Gwiritsani sort -o mayina.txt mayina.txt. Chimodzimodzi sudo echo mawu > /etc/hosts imakana ndi Permission denied chifukwa yotsegula fayilo ndi shell yanu yomwe si root (mwini mphamvu zonse pa kompyuta), sudo yangopereka mphamvu kwa echo yokha, njira yake ndi echo mawu | sudo tee -a /etc/hosts.

Koma &> ine sindiilola mu script yanga, ngakhale ndi chidule chotumizira 1 ndi 2 onse ku fayilo imodzi. Mu shell ya bash imagwira bwinobwino, koma pa Debian ndi Ubuntu /bin/sh ndi shell ina yotchedwa dash, ndipo cron imadutsira pa /bin/sh. Dash ikaona &> imathamangitsa pulogalamu ku background nkupanga log yopanda kanthu, osadandaula nkomwe.

Mukafuna nambala ina mutha kutsegula nokha, exec 3>>log.txt kenako echo mawu >&3, koma mukamaliza tsekani ndi exec 3>&- chifukwa pulogalamu iliyonse yomwe script yanu yayambitsa imatengera nambalayo. Ngati pa nambalayo munaikapo flock, loko woletsa script kuthamanga kawiri nthawi imodzi, ndipo imodzi mwa mapulogalamuwo yatsalira ku background, loko sichoka olo script itatha kalekale, backup ya mawa ikhala ikudikira. Mukakayikira lembani ls -l /proc/$$/fd muone nambala iliyonse komwe ikuloza.