Kufalikira kwa nkhani si umboni woti ndi yoona

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti nkhani ikafika m'mafoni a anthu ambiri ndiye kuti ndi yoona, poti bodza silingapite patali chotere. Maganizo amenewa anditopetsa, chifukwa ofufuza anapeza zosiyana.

Mu 2018 akatswiri a ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa nkhani pafupifupi 126,000 zomwe zinafalikira pa tsamba lina la mchezo kuyambira 2006 mpaka 2017. Nkhani zoona zinkatenga nthawi yochuluka pafupifupi ka 6 kuti zifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi zabodza. Amene ankachititsa kuti bodzalo lifalikire msanga anali anthu enieni, osati mapulogalamu a kompyuta. Nkhani yabodza kawirikawiri imakhala yachilendo ndi yodzidzimutsa, ndiye munthu amaitumiza asanaiganizire.

Kuifufuza nokha sikovuta. Onani amene anayamba kuilemba ndi tsiku lake, kenako muisake pa intaneti kuti muone ngati ena odalirika akunenanso zomwezo. Chithunzi nachonso chimasakika, ndipo nthawi zambiri chimapezeka kuti ndi chakale kapena cha dziko lina.

Ngati simunapeze gwero lake, chonde musaitumize kwa ena, ngakhale yachokera kwa m'bale wanu amene mumamukhulupirira.