Asanapatsidwe ngongole, wachinyamata adziwe kaye wogula

Nyengo yokumba kachewere ikakwana, msewu wochokera ku Ulongué kutsikira ku Mussacama, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, umadzaza matumba. Amaima m'mbali mwa msewu atasokedwa pakamwa, ndipo pafupi pake pamakhala mwini wake, amene wakhala akudikira lole kuyambira m'bandakucha. Chaka china ndinaima pa mnyamata mmodzi wa zaka ngati makumi awiri, ali ndi matumba khumi ndi awiri. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, thumba limodzi lakudyerani zingati kuti lifike pano?" Iye anati, "Alangizi, zimenezo sitiwerengera. Timangoona zimene abwana a lole atipatse."

Tinakhala pansi, ine ndi kamtengo m'manja, n'kuyamba kulemba padothi. Mbewu anagula. Feteleza anagula matumba awiri. Mankhwala a chiwawu anapopera kanayi chifukwa mvula inachuluka. Panali aganyu opalira ndi okumba, matumba opanda kanthu, ndi ngolo yochokera kumunda. Titaphatikiza, tinapeza kuti mtengo umene ogula ankatchula tsiku limenelo unkangobweza zimene iye analowetsa, thukuta lake la miyezi inayi osalowamo. Anayang'ana padothi paja nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye kuti ndalimira eni lole."

Ndagwira ntchito yaulangizi m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano kwa zaka zambiri, ndipo mawu amenewa sanandichoke m'mutu. Tikamakamba zothandiza achinyamata akumudzi kuti apeze ntchito kapena ayambe bizinesi, ambiri timathamangira ku mpamba. Mpamba ndi wofunika, sindikutsutsa. Koma zimene ndaona n'zakuti bizinesi ya wachinyamata imafera pakati pa munda ndi msika, ndipo pomwepo ndi pamene pali ntchito zambiri zimene palibe akuzigwira.

Kalembera wa 2017 anapeza anthu opitirira 2.6 miliyoni m'chigawo cha Tete, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata okhala kumidzi. Kampani ya Vale itayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, anyamata ambiri anatsika phiri ndi zikwama kumsana, poganiza kuti ntchito zachuluka ngati mchenga. Mgodi wamakono umakumba ndi makina akuluakulu, ndipo umafuna anthu ochepa okhala ndi mapepala a luso. Ena analembedwa nthawi yomanga, ntchito yomanga itatha anabwerera. Mu 2022 mgodiwo unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan, koma mfundo sinasinthe: migodi, damu la Cahora Bassa ndi maofesi a mumzinda wa Tete sizingathe kulemba achinyamata onse amene akukula chaka ndi chaka ku Macanga, Chifunde, Chiúta ndi Angónia. Ambiri moyo wawo udzakhala wochokera m'nthaka ndi m'zinthu zozungulira nthaka.

Tinayesapo kale njira yongopereka ndalama. Kuyambira mu 2006, nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza, boma linkapereka mametikali 7 miliyoni ku boma laling'ono lililonse, ndalama zija tonse tinkangoti "sete milhões", kuti anthu azikongola n'kuyamba ntchito zobweretsa chakudya ndi ganyu. Cholinga chinali chabwino, ndipo alipo amene anagula chigayo kapena ng'ombe zapangolo n'kutukuka. Koma n'zodziwika m'dziko lonse kuti ndalama zobwezedwa zinali zochepa kwambiri. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti munthu ankalandira ndalama ali ndi pepala lofotokoza zimene adzapange, popanda wina womufunsa kuti adzagulitsa kwa yani, mwezi uti, pa mtengo wotani. Ndinaonapo gulu la achinyamata likuweta nkhuku zoyera mazana atatu nthawi imodzi m'mudzi wa kutali ndi msewu. Nkhuku zinakula bwino. Zitakwana masabata asanu ndi limodzi panalibe wogula zonsezo, ndipo zinapitiriza kudya mpaka mpamba unathera m'chakudya chake.

Choncho ine ndikakhala ndi wachinyamata, funso loyamba limakhala la wogula. Ndimamutuma kumsika asanagwire khasu. Akafunse amayi okazinga tchipisi kuti amafuna kachewere wamtundu wanji ndi wamkulu bwanji. Akafunse oweta nkhuku kuti soya amamugula mwezi uti. Akaone miyezi imene tomato ndi kabichi zimasowa pa misika ya m'malire ya Calómuè kapena Zóbuè, chifukwa amene amakolola m'dimba anzake alibe kanthu ndiye amatchula yekha mtengo. Apa mpamene thirakita imagonja kwa kapampu kakang'ono koyendera dzuwa, kamene kamalola mnyamata kulima kawiri kapena katatu pachaka pa malo ochepa.

Nkhani ya mbewu ya kachewere ndiyo imandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndi ntchito imene yangokhala poyera. Alimi ambiri amasunga timbatata ting'onoting'ono totsala atagulitsa zazikulu, n'kudzabzala tomweto. Vuto ndi lakuti kambatata kamachepa nthawi zambiri chifukwa chomera chake chinali chodwala, ndiye chaka chilichonse mlimi amakhala akusankha matenda n'kuwabwezera m'munda. Zokolola zimatsika, iye n'kumadandaula feteleza. Wachinyamata amene waphunzira kuyenda m'munda zomera zili ndi maluwa, kuzika timitengo pa zomera zathanzi, kuzula zofota, kukumba zosankhidwazo pazokha, ndi kuzisunga pa mashelefu m'kanyumba kolowa mphepo ndi kuwala kosawomba mwachindunji, amakhala ndi mbewu yophuka timaso tatifupi tolimba. Kanyumbako kamamangidwa ndi mitengo, nsungwi ndi udzu. Nthawi yobzala ikafika safunafuna msika, anthu amabwera okha pakhomo. Ku Ulongué kuli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya UniZambeze, ndipo ku ofesi yoona zaulimi ndi ntchito zachuma (SDAE) ya boma laling'ono lililonse kuli alangizi. Nzeru zimenezi sizili kutali, chimene chimasowa ndi munthu wozitengera kumudzi n'kukhala ndi achinyamata nyengo yathunthu, osati masiku atatu a maphunziro a m'holo.

Chimanga nachonso chimodzimodzi. Chimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni aliyense akamagulitsa, n'kudzakwera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitapepuka. Amene angathe kuchisunga chouma bwino m'matumba osalowa mpweya, momwe anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala, amapindula popanda kuwonjezera ngakhale mzere umodzi m'munda. Ndipo pali ntchito zina zimene sizifuna munda n'komwe: kukonza njinga zamoto zimene zadzaza m'midzi, kukonza mapampu ndi masola, kutemera nkhuku katemera wa chitopa khomo ndi khomo, kukhala wothandizira anthu kutumiza ndi kulandira ndalama pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola pa msika wa pamudzi.

Chachiwiri ndi kope. Kope wamba la ana asukulu, tsamba lakumanzere zotuluka, lakumanja zolowa. Ndimaumirira kuti alembemo ngakhale ndalama imene wapatsa malume ake pamaliro, chifukwa kwathu kuno ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo zimagona m'thumba limodzi, ndipo wachibale akadwala palibe amene angakane. Sindiuza mwana wa munthu kuti aumire abale ake. Ndimamuuza kuti adzilipire yekha malipiro pamwezi, athandize abale kuchokera pamenepo, mpamba ausiye.

Ngongole imabwera pachitatu, ndipo iyambe yaing'ono. Magulu osunga ndi kubwereketsana, kaya ndi xitique kaya ndi aja a bokosi la maloko atatu, amaphunzitsa chinthu chimene banki singaphunzitse: kubweza ndalama kwa anthu amene udzakumana nawo mawa pachitsime. Wachinyamata amene wazungulira chaka chimodzi m'gulu lotere, ali ndi kope lake, amakhala ndi umboni wooneka akapita kukapempha ndalama zokulirapo. Akhalenso ndi chiphaso chake cha unzika (BI) ndi nambala ya msonkho (NUIT), chifukwa sukulu, chipatala kapena kampani imene ingafune kugula nyemba zake zambiri idzafuna mapepala amenewa isanalipire.

Pali mwala wina umene akuluakulu okha ndi amene angauchotse, ndiwo malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, ndipo munthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, uja timati DUAT. Lamuloli limazindikira ufulu wopezeka mwa mwambo, ndipo limati amayi ndi abambo ndi ofanana pa nkhaniyi. Koma m'mudzi, mnyamata wosakwatira amalima m'munda wa makolo, ndipo zokolola si zake. Mkamwini amaopa kukumba chitsime kapena kubzala mitengo ya zipatso pa malo amene angachotsedwepo banja likasokonekera. Mtsikana amene wabereka ali wamng'ono amakhala womangika kawiri, alibe malo, alibenso womusiyira mwana kuti apite kumaphunziro. N'chifukwa chake maphunziro athu timawachitira pamudzi pomwepo, masana ntchito zapakhomo zitachepa, ndipo mwana kumsana saletsedwa. Kwa mafumu ndi makolo pempho langa limakhala limodzi: mupatseni mwanayo kachigawo kodziwika malire, pamaso pa mboni, kwa zaka zingapo zotchulidwa, ndipo zotuluka m'menemo zikhale zake.

Mnyamata wa matumba khumi ndi awiri uja ndinakumana naye patapita zaka ziwiri. Anali atagwirizana ndi anzake anayi, amakumba sabata imodzi, amasankha kachewere wamkulu payekha ndi wamng'ono payekha, ndipo amaimbira foni ogula atatu a ku Tete asanatulutse thumba m'munda. Anatulutsa kope m'thumba la jekete, lopindika m'makona, n'kunditsegulira tsamba la chaka chimenecho. Pansi pa mzere wa aganyu anali atawonjezera mzere wina umene ine sindinamuuze, wolembedwa kuti "masiku anga", ndipo pambali pake panali mtengo.